Masamba Amene A Jafali Anayala Pageti

Tiyamike mwanawe,

Popeza wakana kunditsegulira, ndati ndikulembere. Pepala limadutsa pansi pa chitseko ngakhale mwini chipinda atakwiya chotani. Ndakhala kuno ku nazale, pa benchi la ophunzira ako a Loweruka, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya kumtsinje. Mawa m'mawa basi ya kummwera ikunyamuka ku depoti, ndipo Lolemba akukuyembekeza kusukulu kuja kuti ukayambe maphunziro a uphunzitsi wa ulimi wa maluwa, zipatso ndi ndiwo zamasamba. Iwe wati supita. Wati munthu amene wachotsetsa ntchito bambo wa ana ndi pakamwa pake alibe nkhope yoimira patsogolo pa anthu n'kumati chitani chakuti. Ndakumva, ndipo sindikumangirira chingwe, ndiwe wamkulu. Koma werenga kaye zomwe ndayendera lero, chifukwa miyendo yangayi sinapite ku Area 14 ndi ku Tauni kukaona nyumba za eni.

Tiyambe ndi zomwe tonse tikudziwa, kuti tisasemphane. Loweruka lapitalo, pa kalasi yako yomaliza, unaphunzitsa azibambo ogwira ntchito za panja kumayadi nkhani ya kuphimbira nthaka. Unawauza kuti asiye kusesa masamba n'kuwatentha, koma aziyala udzu wouma ndi nthambi zosadza pa mabedi kuti chinyontho chisathawe ndi dzuwa lino. Ine ndinalipo, ndinkathira dothi m'machubu apo, khutu lili kwa iwe, ndipo sindinamve liwu limodzi labodza. A Jafali, aja okhala kutsogolo nthawi zonse ndi kachipewa kawo koyera, anapita kukachita zomwezo kwa abwana awo, mayi Nkhoma a ku Area 14. Tsiku lomwe anayala masambawo, pakati pa sabata, anawachotsa ntchito. Atabwera kuno kudzatiuza, unamva wekha mmene ananenera: "Madamu anangofika ndi galimoto masana, akunjenjemera, akuti chotsani zimenezi, tengani zanu muzipita. Chifukwa chake sananene."

Iwe pomwepo unagamula milandu iwiri nthawi imodzi, monga mwa chizolowezi chako. Unati mayi aja ndi amwano, okonda tsache kuposa munthu, ndipo unati iweyo ndiwe mphunzitsi wachabe. Unatha, unalowa m'chipinda. Koma ine chinandikola ndi china. Munthu wogwira ntchito ku Capital Hill sachoka mu ofesi masana, pakati pa sabata, kuthamangira kunyumba chifukwa cha masamba. Anadziwa bwanji kuti kwawo kwayalidwa masamba? Nanga ankanjenjemeranji? Wokwiya amakalipa, sanjenjemera. Ukundidziwa mwanawe, funso likandilowa silindipatsa mtendere, ndimathirira bedi limodzi kawiri osazindikira.

Khalidwe lofunsafunsali sindinabadwe nalo, linandilowa ndi manyazi. Iwe usanabadwe, nditangoyamba kumene kuphunzitsa, ananditumiza kukachititsa maphunziro a manyowa kwa alimi a madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, cha ku Tauni konkuno. Ndinakonzekera ngati ndikupita ku ukwati. Ndinapempha ngolo ya manyowa abwino koposa amene tinali nawo kusukulu, akuda bii, ofewa. Nditafika ndinapinda manja a bulauzi n'kulamula kuti aliyense atape ndi manja, amve mmene manyowa okhwima amakhalira. Amayi angapo anatapa. Azibambo ena anangoima, manja kumbuyo, akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ine ndinati basi, akuderera kamtsikana. Ndinakweza mawu. Kenako mkulu wina wa ndevu zoyera anafunsa mwaulemu, "Mayi, amenewa ndi a chiweto chanji?" Ndinayankha monyada kuti ndi a nkhumba. Anangomwetulira, "Ife ndife Asilamu, mayi. Tiziona ndi maso." Mayo ine! Ndinasowa poyang'ana, thukuta lili kamukamu. Buku langa linali ndi zonse za manyowa, kutentha kwake, fungo lake, koma silinanene kanthu za manja amene adzatape. Ulendo wotsatira ndinabwera ndi a mbuzi, ndipo mkulu yemwe uja ndi amene anayamba kupisa dzanja.

Choncho ukaona munthu akukana chinthu chabwino, usathamangire kunena kuti ndi mbuli kapena wamwano. Funsa kaye, Tiya. Safunsa anadya phula. Kawirikawiri munthuyo amakhala akuona chimene iwe sukuchiona, ndipo sangakuuze ngati wafika utakweza kale mawu.

M'mawa uno, iwe uli chitsekerere, ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi, ndinanyamula kambande ka ndimu womezanitsa kuti ndisafike chimanjamanja, n'kukwera minibasi. Ku 14 ukukudziwa, mipanda italiitali, agalu okuwa osaoneka, msewu uli zii. Geti la mayi Nkhoma ndinalizindikira ndi kabedi ka maluwa kamene kali kunja kwa mpanda, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, kamene a Jafali ankatiuza kuti anabzala okha. Kanali kosesedwa, dothi lili mbee, timaluwa titaweramitsa mitu ndi dzuwa. Mtima unandipweteka, sindinama.

Ananditsegulira okha. Ndi mayi wamtali, wocheperapo kwa ine, anali atavala zapakhomo. Nditanena kuti ndine mayi wa mphunzitsi wa a Jafali nkhope inauma, koma ndimu uja anandithandiza, munthu sabweza mlendo amene wanyamula mtengo. Tinakhala pakhonde. Chapambali panali amayi awo, okalamba kwambiri, atakhala pa mkeka akuwodzera.

Ndinati, "Mayi, sindinabwere kudzakangana. Ine ndaphunzitsa za kuphimbira nthaka moyo wanga wonse, ndipo anthu akhala akukana pa zifukwa zambiri. Ena amaopa njoka, ena chiswe, ena amati alendo aziti pakhomo pano palibe mkazi. Koma sindinaonepo munthu wochoka kuntchito masana chifukwa cha masamba. Ndiuzeni chabe, ndidziwe nawo."

Anandiyang'ana n'kuti, "Mayi, inu mukamayenda pamsewu n'kupeza masamba aawisi atayalidwa pafupi ndi geti la munthu, mumati pachitika chiyani?"

Tiya, pomwepo ndinazindikira. Ndinayankha chapansipansi, "Timati pali zovuta."

"Eya," anatero.

Nkhani yake inayenda chonchi. M'mawa wa tsikulo a Jafali anasadza mitengo ya kumpanda, ndipo nthambi zamasamba aawisi anaziyala pa kabedi kakunja kaja, monga unawaphunzitsira. Mkati, kutsogolo kwa nyumba, anayala udzu wouma pansi pa mitengo yonse ya zipatso. Atatha anapita kuseri kukagwira zina. Kaya ndi kamvulumvulu wa masana, kaya ndi galimoto yodutsa, china chake chinakokera nthambi zina pamsewu. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo akubwera ku msika anaona masamba pamsewu, anaona wakabaza atatsika panjinga akuikankha mwaulemu, anasuzumira pageti n'kuona udzu utayalidwa pabwalo. Anachita chimene iwe ndi ine tikanachita. Anaimba foni ku ofesi: "Anzanga, kwagwanji kunyumba? Bwanji osatiuza?"

"Amuna anga anatisiya chaka chatha," mayi Nkhoma anandiuza. "Tinakawaika kumudzi, cha ku Mitundu. Udzu umene tinagonapo pa siwa sindinauiwale, fungo lake ndimalimvabe. Pakhomo pano ndatsala ndi amayi angawa basi, ana ali kutali. Foni ija itangodulidwa ndinaimbira mtsikana wantchito, osayankha, kani akuchapa. Ndinaimbira a Jafali, osayankha. Ndinatuluka mu msonkhano osatsanzika. Kuchokera ku Capital Hill kudzafika pano, sindikudziwa kuti galimoto ndinaiyendetsa bwanji. Ndikufika, masamba pamsewu. Ndikulowa, udzu pabwalo. Ndinafika pakhonde pano chogwira khoma, ndikupeza amayi ali pamkeka womwewu akudya mbatata."

Pamenepo anaseka, ine ndinaseka nawo, kenako tonse tinali kupukuta misozi ndi zitenje. Ndinawauza kuti nanenso udzu umenewo ndinagonapo, nthawi ya atate ako. Amayi awo aja anadzidzimuka n'kufunsa ngati kwabwera alendo a kumudzi.

Wamva, Tiya? Si nkhani ya tsache ayi. Ndipo taona chodabwitsa chake. Ine ndayala masamba pa mabedi zaka zonsezi. Ndatsika panjinga ndi kuchepetsa mawu podutsa masamba a maliro kosawerengeka. Koma zinthu ziwirizi sizinakumanepo m'mutu mwanga mpaka m'mawa uno. Kusukulu tinkaphimbira m'munda wa kuseri, kutali ndi msewu. Zithunzi za m'mabuku athu ndi za m'minda. Timabedi ta kunja kwa geti ndi fasho ya kumayadi, ndipo palibe mphunzitsi amene anandiuzapo kuti pamenepo pali maso a anthu odutsa. Koma abale! M'minibasi ndinkangolankhula ndekha mpaka kondakitala anandifunsa kuti, "Masteni, muli bwinobwino?"

Ndipo mafunso ena ayamba kumera. Kodi n'chifukwa chiyani anthu athu amakonda bwalo losesa chonchi, mpaka kukokolola dothi lonse lapamwamba? Ife aphunzitsi timangoti amaopa njoka, n'kupitirira. Kapena mwina n'chifukwa chakuti pamaliro sitisesa mpaka titaika, ndiye bwalo losasesa limautsa mtima kuti pano pali imfa? Kodi kummwera kumene ukupitako amaziona chimodzimodzi? Nanga a kumpoto? Kusukulu kuja ukakumana ndi anzako a m'maboma onse, ukandifunsire. Ufunse akazi padera, amuna padera, chifukwa tsache amagwira ndi akazi ndipo ndi amene angakuuze zenizeni. Ufunsenso ngati kwawoko kuli mitengo imene sabzala pafupi ndi nyumba, ndi chifukwa chake. Ine ndikadakhala ndi mawondo ako ndikadakwera basiyo ndekha.

Sindikuti phunziro lako linali lokwanira, usanditenge ngati mayi wopaka mafuta. Linasowa kanthu. Amene amakhala pa benchi lino Loweruka si eni minda. Loweruka amamvera iwe, Lolemba amamvera abwana, ndipo zikavuta amene amanyamula chikwama ndi iwowo, osati iwe. Unayenera kuwonjezera kuti: musanasinthe kanthu pakhomo pa eni, kawafotokozereni kaye, muyambe ndi bedi limodzi la kuseri, aone okha. A Jafali akadapita kaye kwa madamu, akadamva kuti pakhomo paja panagwa zovuta, ndipo masamba sakadafika pageti. Chimenecho ndi chimene chinasowa, ndipo ine amene ndinali pomwepo ndi machubu anga sindinachione. Tsopano wachidziwa, ndipo sudzachiiwala mpaka imvi. Ukasiya uphunzitsi, udzapita nacho kuti? Wina adzaima pamalo pako, adzaphunzitsa kuphimbira bwinobwino ngati iwe, ndipo bambo wina adzakayala masamba pageti lina.

Tisanasiyane, mayi Nkhoma anayang'ana mitengo yawo n'kuti, "Ndikudziwa kuti ikupsa, ndipo madzi a m'mipope masiku ano ndi ongobwera akafuna. Kodi palibe chophimbira china, chosaoneka ngati siwa?" Ine mphunzitsi wopuma ndinaganiza za makoko a mtedza, mankhusu a mpunga, utuchi, timiyala, ngakhale kubzala mbatata kuti kholowa ayange pansi. Koma chilichonse chinabwera ndi funso lake. Utuchi ukamaola umalanda chakudya cha mbewu. Timiyala ndi dzuwa la kuno sitingawotche mizu? Mankhusu mphepo singawaulutse? Ndinangoti, "Sindikudziwa, mayi. Ndikafufuza."

Mawu amenewo usamawaope mwanawe, ngakhale ophunzira atadzaza kalasi. Chaka china bambo wina wogwira ntchito ku Area 3 konkuno anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani papaya wamwamuna ukam'mangirira chitsononkho amayamba kubala. Anzake anaseka, nanenso kuseka kunafika pakhosi, koma ndinameza. Ndinati sindikudziwa, tiyeni tiyese. Kuseri kwa kalasi kunali mapapaya aamuna angapo. Ena tinawamangirira zitsononkho, ena tinawasiya. Aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti ndayamba using'anga. Nyengo itasintha, mmodzi mwa omangirirawo anatulutsa timapapaya tolendewera pa timichira titalititali. Kalasi yonse inali chisangalalo, bambo uja akuyenda ngati wapambana chisankho. Posakhalitsa, wina wosamangirira anabalanso. Ndiye anapambana ndani? Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti papaya wamwamuna nthawi zina amabala yekha nyengo ikasintha, koma za chitsononkhozo mpaka lero sindinazitsimikize. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chimenecho palibe amene anajomba, ngakhale mvula igwe chotani, aliyense ankafuna kudzaona mapapaya. Ndikadangoti zimenezo n'zachikale, bambo uja sakadafunsanso kanthu, ndipo anzake akadaphunzira kukhala chete.

Kumene ukupitako ukapeza aphunzitsi odziwa kundiposa, ndi makina oyezera nthaka amene ine ndimangowaona pa foni yako. Ukafunse mpaka atope nawe. Usakakhale kumbuyo ngati wabwera kudzaperekeza. Zikhadabo zako zizikhala ndi dothi, mphunzitsi wa zomera wa manja osalala ophunzira amamuzindikira tsiku loyamba. Mpeni womezanitsira uzinola wekha. Ukadzayamba kuphunzitsa, uzipereka mpeniwo kwa wophunzira, adule yekha, aononge mbande ziwiri zitatu, iwe manja uwabise kumbuyo ngakhale akuyabwe. Ndipo bambo wa ndevu zake usadzamutchule kuti gadeniboyi, ali ndi dzina. Satifiketi ikadzabwera usadzati wamaliza, ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndi imvi zangazi ndiwe unandiphunzitsa kuthirira ndi mabotolo oboola, ndinkakana poyamba kuti ndi zibwana za pa foni, lero nazale yonseyi yadzaza mabotolo. Ndipo m'mawa uno wandiphunzitsa za kuphimbira ndi mayi wa mu ofesi amene sanagwirepo kheni yothirira.

Tsopano za ntchito ya a Jafali, pakuti ndikudziwa kuti maso ako akuthamangira pamenepo. Ndinawapempha mayi Nkhoma. Ndinagwada ndithu, mawondo angawa akulira. Anakana. Anati, "Ndadziwa tsopano kuti sanachite dala. Bambo aja ndi aulemu, ndipo anayamba ntchito pano zovuta zitapita kale, sankadziwa. Koma ndikamawaona atagwira chikwanje, mtima uziyambanso kuthamanga. Komanso ndaitana kale mwana wa achimwene kumudzi, wanyamuka." Anati akawafunsira malo kwa anzawo a ku ofesi. Kaya adzatero, kaya ayi. Sindikunamiza mwanawe, ntchito ija yapita, madzi akatayika saoleka. Zandipweteka, ndipo zikupweteke nawenso, palibe cholakwika pamenepo.

Kuchoka ku 14 ndinatsikira ku Tauni. A Jafali ndinawapeza kuseri kwa mzikiti, pakhonde la mlamu wawo wosoka zovala, atakhala pa benchi akungoyang'ana anthu odutsa. Munthu wozolowera khasu akakhala chonchi masana amaoneka ngati wodwala. Ndinawauza kuti azibwera kuno ku nazale kudzathandiza za machubu mpaka atapeza pena. Si ntchito yodyetsa banja, koma iposa kukhala. Kenako ndinawafotokozera za foni ija, za masamba pamsewu, za wakabaza ndi za amayi a madamu.

Anagwira pakamwa. Kenako anati, "Ya Allah! Ndiye kuti madamu anayenda msewu wonse uja akulira amayi awo amoyo? Ine ndinali kuseri, foni ili m'jekete, sindinaone kuti nthambi zafika pamsewu. Ndipita ndikapepese. Osati za ntchito ayi, koma munthu uja ndinamuliza."

Ndinawauzanso funso la mayi Nkhoma lija. Tiya, ukadawaona! Anasendera kutsogolo, maso atatseguka. "Chophimbira chosaoneka ngati maliro? Mumsikamu amayi ogulitsa mtedza makoko amangotaya. Makoko sangachite? Munthu sangatsike panjinga chifukwa cha makoko. Koma chiswe kaya. Nanga akanyowa saumbika? Mukawafunse aphunzitsi."

Ndinati, "A Jafali, inetu zimenezi ndinayamba kuphunzitsa inu musanamere ndevu."

Anaseka. "Pepani mayi. Koma inu ndinu amayi a aphunzitsi. Aphunzitsi anga ndi aja."

Wachimva chipongwe chimenecho? Zaka zonse zija ndaima ndi choko, lero ndasanduka amayi a aphunzitsi! Ndinapsa mtima pang'ono, koma kunyada kunaposa, ndinachita kuyang'ana kumbali kuti asaone.

Ndiye ndinawauza zoona, chifukwa sindikanatha kuwabisira. Ndinati, "Aphunzitsi anuwo akuti asiya. Akuti mawa sapita kusukulu, chifukwa cha zomwe zakuchitikirani."

Kuseka kunathera pomwepo. "Asiya? Ayi, mayi. Ife timati akupita kukatenga zambiri, tiziwafunsa pa foni, akabwera pa holide adzatiphunzitse kumezanitsa mapeyala. Ine kusukulu sindinapite patali. Ndagwira m'mayadi ambiri, ndipo ponseponse amangoti thirira apa, dula apo, palibe anandiuzapo chifukwa chake. Woyamba ndi aja. Nanga ntchito ina ndikaipeza, n'kukumana ndi chondivuta, ndidzafunsa ndani?"

Funso limenelo si langa, Tiya. Ukakhala pano, ntchito ya ku 14 sibwerera, ndipo bambo amene wataya ntchito chifukwa chokukhulupirira atayanso mphunzitsi wake. Ine ndayamba kale kukusowa usanapite. Nyumba ino idzandikulira, ndipo mtima wanga wa mayi ukadakonda ukhale, ndikunena poyera. Koma pita, mwanawe.

A Jafali ati mawa adzakhala ali pa depoti kudzakunyamulira chikwama. Ndawauza kuti mwina subwera. Ati adzadikirabe mpaka basi itanyamuka. Ngati watsimikiza kuti supita, uvale nsapato ukawauze wekha pa depoti pomwepo, uwayang'ane m'maso. Mawu amenewo ine sindikakunyamulira.

Ndine amayi ako, okukonda ngakhale unatenga liuma langa lonse,

Naphiri